Osadza Mbawa ya kwa Makwinja

Sendezani chikuni icho moto usazime, nkhani iyi ndi yozizira. Inachitikira ku Zomba, m'munsi mwa phiri, kumene tauni imathera ndipo minda ya anthu akale inadulidwa kukhala mapuloti. Amene mumati mizimu ndi za kumudzi, tsekani kaye pakamwa mumve.

Kumeneko kunali mayi Makwinja, telala wa zovala za akazi, wamfupi msinkhu koma wosaopa munthu. Amuna awo, a Makwinja, anali mmisiri womanga nyumba, chimunthu chachikulu, koma chaka chimenecho matenda anawagwetsa n'kuwaumitsa mbali yonse ya kumanja. Ankangogona pabedi pafupi ndi zenera, lilime lolemera, mawu amodzi kapena awiri patsiku. Nyumbayo anamanga okha, njerwa ndi njerwa, pansi pa mbawa yaikulu imene anaipeza papulotipo. Mbawa imeneyo anthu anayi ogwirana manja sakanaizungulira. Nthambi zake zina zinkaloza kumpanda, koma imodzi, yaikulu kuposa zonse, inagona pamwamba pa denga kuyambira kukhonde mpaka kuchipinda cha odwalawo.

Tsiku lina m'mwezi wa Okutobala, mayi Makwinja akupalasa makina awo osokera, anamva kuti thee! kumwamba. Atatuluka anaona mng'alu pamene nthambi yaikulu ija inalumikizana ndi thunthu, mng'alu woti dzanja likhoza kulowa. Mvula inali itatsala sabata ziwiri kapena zitatu, ndipo aliyense wa ku Zomba amadziwa mphepo imene imatsogolera mvula yoyamba kuchokera kuphiri kuja.

Analowa kuchipinda. "Bambo a Siyeni, mawa ndikupititsani kwa achemwali anga mukakhale kumeneko mpaka mtengowu tiuone."

A Makwinja anagwira chitsulo cha bedi ndi dzanja lawo lamoyo lija. "Muno."

"Mukufuna ndikhale namfedwa chifukwa cha mtengo?"

"Muno," anatero, maso ali gwa.

Amene anakwatiwapo ndi mmisiri akudziwa, munthu wotere sumuchotsa m'nyumba imene anamanga yekha. Tsono nthambi ndiyo inayenera kuchoka.

Apa mpamene mayi Makwinja analakwitsa, ndipo nanenso ndikanalakwitsa chimodzimodzi. Anangoitana amuna awiri amene ankakhala pamphambano ndi makina odulira mitengo, odikira ganyu iliyonse. Anabwera ali pakamwa mbwee.

"Mayi, iyi ndi ntchito ya ola limodzi," anatero mwini makina. "Tiyamba ndi nthambi ya uko kumpanda, yosavuta, makina ayambe atenthako."

Sanafunse kanthu, sanazungulire n'komwe mtengo. Wina anakwera, makina analira, ndipo nthambi ya kumpanda inagwa kuti phii! mbale m'kabati mpaka kugwedezeka. Safunsa anadya phula. Nthawi yomweyo makina anazima okha. Nyenje zimene zinkalira kuyambira m'mawa zinangoti zii, mbalame nazonso chete. Wa kumwamba uja anakoka kachingwe ka makina kamodzi, kawiri, kasanu. Kenako anatsika mothamanga, khungwa likumusupula pachifuwa.

"Mayi, pansi pano muli angati?"

"Awiri, ine ndi mnzanuyu. Bwanji?"

"Nanga aja amandiyang'ana aja?"

Mnzakeyo anayesa kuseka, koma atatembenuka kuti atenge chingwe chawo chimene anachisiya patsinde, anapeza palibe. Anafuna m'udzu, anafuna pansi pa masamba, chingwe osaoneka. Sanatsanzike. Anasenza makina n'kutuluka pageti, wina mpaka kusiya patapata wake.

M'mawa mwake zinthu zinayamba. Dzuwa litafika paliwombo, mayi Makwinja akusoka pakhonde, galu wawo anadzuka n'kuyamba kulira chapansipansi, mchira pakati pa miyendo, n'kukabisala kuseri kwa bafa. Kenako kumapeto kwa khonde kunamveka kuti di, monga anthu akatula chinthu cholemera mosamala. Kunatsatira kupuma, kupuma kwa amuna otopa, osati mmodzi ayi. Fungo la dothi longokumbidwa kumene linadzaza pakhondepo, chikhalirecho dziko linali louma ngati chiwaya. Mayiwo anangoti njo pampando, phazi lili pa makina, osatha kupalasa. Patapita kanthawi kunamvekanso kukhwekhwereza, chinthu chija chikunyamulidwa, ndipo nyenje zinayambiranso.

Kapu ya madzi imene anaisiya pazenera anaipeza yopanda dontho. Pafumbi la pakhonde panali zidindo za zidendene, za anthu osavala nsapato.

Tsiku lachiwiri chimodzimodzi, lachitatu chimodzimodzi, nthawi yake yomweyo. Mayi wina amene anabwera kudzayesa diresi la ukwati wa mwana wake anagwidwa tsemwe masanasana, n'kunena kuti abweranso, koma sanabwerenso. Kwa amuna awo mayi Makwinja sananene kanthu. Komabe akalowa kuchipinda ankawapeza maso ali pazenera, akutsatira chinachake chimene chikuyenda pang'onopang'ono kunja. Pamwamba napo mng'alu uja unkakula, ndipo kamphepo kakadutsa nthambi inkalira ngati chitseko chakale.

Lachisanu lake, akuchokera kumsika dengu lili pamutu, anakumana ndi bambo wina pafupi ndi geti lawo. Buluku anali atalipinda mpaka m'mawondo, miyendo yonse ili psuu ndi dothi lofiira, paphewa khasu la mpini waufupi. Nkhope yake mayiwo sanathe kuikumbukira pambuyo pake, ngakhale anaiyang'ana.

"Mayi, mthunzi mwatichepetsera," anatero bamboyo ndi mawu aulemu.

"Ndinu ndani, bambo?"

"Ulendo wathu ndi wautali, katundu ndi wolemera. Pepani, takusowetsani mtendere pakhonde."

Anawerama pang'ono n'kulowa mumpanda wa minga, pamalo pamene ngakhale nkhuku sinkadutsa. Masamba sanagwedezeke.

Mantha anawagwira mayi Makwinja, inde. Koma atalowa m'nyumba n'kuona amuna awo ali gone pansi pa chinthambi chija, mkwiyo unaposa mantha. Anamanga chitenje m'chiuno n'kubwereranso kutauni. Kuseri kwa msika kunali kachikwangwani kamene ankakadutsa masiku onse: "Timasadza mitengo ya pakhomo mwaluso." Mwini wake anali che Biliati, bambo wa imvi, woonda ngati mzimbe, amene anakalambira m'nkhalango za paphiri paja akukwera mitengo.

Che Biliati anabwera madzulo omwewo. Mmwamba sanayang'anemo kaye. Anazungulira mbawa ija katatu maso ali pansi, kenako anaima pamene udzu unali wolowa pang'ono, kakhwawa kosaya kodutsa patsinde n'kukalowa mumpanda. Anakatsatira ndi phazi.

"Mayi, manda akale kuno ali mbali iti?"

"Kuseri kwa chigayo uko, pamene pali nkhalango yaing'ono paja. Koma analeka kuikako anthu kalekale."

"Nanga mudzi unali kuti?"

"Amati kumtunda uku."

Che Biliati analoza kumtunda, analoza kuchigayo, ndipo mkono wawo unadutsa ndendende pansi pa nthambi imene aganyu aja anagwetsa. Anagwedeza mutu.

"Iyi inali njira ya maliro, mayi. Kwathu nanenso ndimakumba nawo manda, ndiye ndikudziwa. Njira ikatalika, onyamula amakhala ndi mtengo wawo wopumira. Inu mwawadulira denga, ndiye mumati akapumire kuti?"

"Ine za iwo sindikuzidziwa, che Biliati. Ndikudziwa za mwamuna wanga. Muichotsa nthambiyi kapena nanunso muthawa?"

Nkhalambayo inaseka, mano awiri okha kutsogolo. "Tiichotsa. Koma tiichotsa mwa njira yanga. Makina sitibwera nawo, ticheka ndi sowo wamanja. Za kumpanda sitikhudza ngakhale tsamba. Ndipo palibe nthambi imene igwe yokha, iliyonse titsitsa ndi chingwe mpaka igone pansi mwaulemu. Tikayamba m'mawa, dzuwa lisanafike pamutu tikhale tamaliza. Abambowo tiwatulutsa tikafika pa yaikuluyo, afune asafune."

Loweruka kunacha ndi mitambo yakuda itaunjikana pamwamba pa phiri. Che Biliati anafika ndi anzawo awiri, a Sikelo ndi a Mponda, amuna a mapewa awo, atavala zipewa zolimba, zingwe zikuluzikulu zili paphewa. Asanaimike makwerero, nkhalamba ija inavula chipewa, inagwada patsinde n'kuomba m'manja katatu.

"Odi, eni malo. Ndife alendo, tabwera kudzapepuza mtengo. Pali wodwala pansipa. Mthunzi wanu sitiukhudza."

Pamenepo galu uja anatuluka kuseri kwa bafa n'kudzagona pakhonde.

Mukanaona mmene nkhalamba ija inakwerera, mukanachita manyazi ndi unyamata wanu. Inadzimangirira lamba kuthunthu, inaponya chingwe pamphanda ya pamwamba penipeni, n'kumanga nacho nthambi yaikulu ija kuti ikhale yogwirika. Chingwecho chinatsikira pansi, chinazungulira kamodzi mtengo wa mango umene unali pafupi, a Mponda n'kugwira, mchira wake wotsala uli gone m'kakhwawa kaja. Chingwe chachiwiri, chokokera nthambi kutali ndi denga, anagwira a Sikelo. Kenako anayamba ndi timphanda ta kunsonga, kamodzikamodzi, kucheka, kumanga, kutsitsa. Kalikonse kankafika pansi kopanda phokoso.

Mayi Makwinja ankangoyang'ana kuphiri. "Che Biliati, mitambo iyo! Simungafulumireko?"

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, mayi," anayankha ali mmwamba, sowo akuyenda.

Koma mtengo wa mbawa ndi wouma mtima, ndipo sowo wamanja alibe liwiro. Mthunzi wa nyumba unafupika, unafupikabe, mpaka unalowa pansi pa khonde. Timphanda tinali titatha, patatsala chinthambi chokha. Che Biliati anapukuta thukuta.

"Mponda, Sikelo, mangirirani zingwe mukawatulutse abambowo."

Mawuwo asanathe, mphepo inatsika kuphiri ngati yotumidwa. Fumbi linati kobo, malata analira, mbawa yonse inawerama. Kenako thee! thee! Mng'alu uja unayasama, ndipo chinthambi chinathothoka pathunthu n'kulendewera pachingwe chimodzi, pamwamba penipeni pa chipinda cha a Makwinja.

"Gwirani!" anakuwa che Biliati.

A Sikelo anadzigwetsa chagada akukoka chingwe chawo kuti nthambi ipatuke, koma inali isanapatuke. A Mponda anakhwekhwerezeka, zidendene zikulima pansi, chingwe chikuthawa pamtengo wa mango mpaka utsi. Nthambi inatsika mkono umodzi, inatsikanso wina. Nthawi yowanyamula abambo aja panalibenso.

Mayi Makwinja sanaganize. Anathamanga n'kugwira chingwe kumbuyo kwa a Mponda ndi timanja tawo ta singano. Chingwe chinawawotcha zikhatho, khungu linasupuka, koma sanasiye. Anazika miyendo m'dothi n'kukuwa ndi mawu onse: "Mwamuna wanga ayi! Mwamuna wanga ayi!" Komabe ankakokedwa, iwo ndi a Mponda limodzi, ngati ana. Nsonga ya nthambi inakhudza malata, lata limodzi n'kupindika.

Pamenepo nyenje zinati zii.

Mchira wa chingwe uja, umene unali gone m'kakhwawa kumbuyo kwawo, unadzuka pansi. Mayi Makwinja anaumva ukukwera, ukukhudza m'chiuno mwawo, kenako unalimba kuti ndi, ngati wamangidwa kuthanthwe. Kukhwekhwerezeka kunaleka. Fungo la dothi latsopano linawazinga, ndipo pakhosi pawo, kumbuyo, panafika mpweya wozizira wa munthu wopuma mwamphamvu. Kuseri kwa ameneyo kunali wina, ndi winanso. Chapansipansi kunkamveka kung'ung'udza, nyimbo yopanda mawu, ya mtundu umene aliyense wa ife anaumvapo ndipo safuna kuumva pakhomo pake.

Khosi lawo linayamba kutembenuka lokha.

"Musacheuke, mayi!" anakuwa che Biliati ali mmwamba. "Maso panthambi! Mponda, iwenso, maso panthambi!"

A Mponda ankatchula mayina onse a Mulungu amene ankawadziwa, koma sanacheuke. Ndipo nkhalamba ija, itavula chipewa n'kuchikoleka palamba, inasintha mawu. Sinalankhulenso ngati wosadza mitengo. Inalankhula motsitsa, monga amalankhulira woimirira m'mphepete mwa dzenje.

"Kwezani pang'ono, akuluakulu. Eya. Pomwepo."

Chingwe chinabwerera m'mbuyo chokha, chikudutsa m'manja mwa mayi Makwinja, ndipo chinthambi chimene amuna khumi sakanachinyamula chinakwera n'kusiya malata.

"Sikelo, kokera kwako. Pang'onopang'ono. Kumutu kudikire. Kumiyendo kutsogole. Eya, eya. Tsopano tsitsani."

Nthambi inayenda mumlengalenga, inadutsa m'mphepete mwa denga masamba akusesa malata, inafika pabwalo. Inatsika chala ndi chala, mphepo ikuomba koma iyo osagwedezeka. Kenako inagona pansi. Ngakhale fumbi silinadzuke.

Chingwe chinagwa lende kumbuyo kuja. Che Biliati anaomba m'manja katatu ali mmwamba momwemo.

"Zikomo, akuluakulu. Mwagwira ntchito. Pitirizani ulendo."

Panamveka kukhwekhwereza chakumpanda, kenako nyenje imodzi inayamba, zinzake n'kutsatira. Mayi Makwinja anayang'ana denga lawo, lathunthu, lata limodzi lokha lopindika. Anayang'ana zikhatho zawo zamagazi. Kenako anaimba nthungululu imene inamveka mpaka kuchigayo, anavina pabwalo paja chitenje chikukhwekhwa, a Mponda ali khale pansi akuseka ndi misozi yomwe. Anthu oyandikana nawo anasonkhana kumpanda kudzaona ngati mayiwo apenga.

Che Biliati atatsika sanalole kupuma. Nthambi ija anaidula zidutswa zinayi, n'kuzigubuduzira pansi pa mthunzi umene unatsala mbali ya kumpanda, m'mphepete mwa kakhwawa kaja.

"Izi musawaze nkhuni, mayi. Odutsa azipeza pokhala, pakhonde panu akusiyireni. Ndipo mtengowu ukadzafunanso kusadza, musadzaitane anthu a makina aja."

"Ndikadzatero mudzandimenye ndi sowo wanuyo," anatero mayi Makwinja.

Madontho oyamba anayamba kugwa amisiriwo akutuluka pageti. Mayi Makwinja anakulunga nsanza m'manja n'kulowa kuchipinda. Munali mowala kuposa kale lonse, chifukwa zenera linali litaona thambo. Mvula inakhuthuka, mphepo inamenya nyumba mbali zonse, koma pamwamba panalibenso cholira. Anakhala m'mphepete mwa bedi, mphamvu zonse zitawathera, ndipo apa mpamene analira, kulira kwa chimwemwe kosabisa.

A Makwinja anatambasula dzanja lawo lamoyo n'kugwira nsanza zija. Milomo inavutika kwa kanthawi.

"Pachingwe," anatero. "Munali... angati?"

"Awiri, bambo a Siyeni. Ine ndi a Mponda."

Abambowo anapukusa mutu papilo, mbali imodzi ya nkhope ikumwetulira. Anakweza zala zonse zisanu, anafumbata, anakwezanso, anafumbata, anakwezanso kachitatu.

"Ndinaona," anatero pang'onopang'ono. "Onse... kumbuyo... kwa iwe. Iwe... patsogolo."

Mayi Makwinja anapukuta misozi ndi chigongono n'kutukula chibwano.

"Ndiye mwaona nokha, abambo. Mkazi wanuyu akati nyumba sigwa, ngakhale a kumanda amagwira chingwe."

Chimunthu chija chinaseka, kuseka kokhota koma kwenikweni, koyamba chigwereni matenda, mpaka bedi linagwedezeka. Kunja mvula inagwa mpaka madzulo, ndipo denga silinadonthe.

Mbawayo ikadalipo, ndi zipika zake zinayi pansi. Mukadzadutsako dzuwa lili paliwombo mudzapereke moni, koma pazipikapo musadzakhalepo. Chikuni chatha, nanenso ndathera pomwepa.